Thabwa Lomaliza la Sichimira

Mu Ufumu wa Tidzaona, m'mphepete mwa nyanja yamchere, muli doko lotchedwa Dikirani. Pakhomo pa dokolo pali mwala waukulu umene makolo anazokotapo malamulo a panyanja. Awiri mwa malamulowo ngakhale mwana woyenda chinochino amawadziwa pamtima. Loyamba limati chombo chikamira, malipiro a amalinyero amira nacho. Lachiwiri limati likatsala thabwa ngakhale limodzi, malipirowo akhomeredwa pa thabwalo, ndipo amene anene pagulu kuti thabwa ndi lake, ndiye alipire. Eni zombo ankalikonda lamulo loyambalo ngati mwana wachisamba. Pa lachiwirilo ankamangirirapo mbuzi kuti lisamaoneke.

Wolamulira dzikolo anali Mfumu Sindilakwa Wachiwiri. Bambo wake, Sindilakwa Woyamba, nayenso sanalakwepo: anamwalira atadya bowa umene iye mwini analamula kuti ndi wodyedwa. Mfumuyi inali ndi chombo chachikulu chimene inachitcha Sichimira, ndipo kunena kuti chombocho chingamire unali mlandu woukira ufumu.

Wogwira tsigiro la Sichimira anali Elifala Kadzakumanja, bambo wamtali, wofatsa, wa mawu a besi amene ankanjenjemeretsa udzu wa denga la tchalitchi. Monga amalinyero ambiri a ku Dikirani, Elifala sankadziwa kusambira, poti kumeneko amati munthu wodziwa kusambira sasamala chombo. Iye ndi anzake anakhala panyanja kuyambira mvula ina kufika mvula inzake, akugulitsa mchere wa Mfumu m'madoko akutali, osalandira kalikonse, chifukwa mwambo wake malipiro amaperekedwa ulendo ukatha.

Pobwerera, anaima pa chilumba china kuti atenge Nduna ya Zamadzi, a Ndadyakale, amene anali atasemetsa chiboliboli chamwala cha Mfumu, chachitali ngati mgwalangwa. Atachikweza, chombo chinabuula. Tsiku lotsatira kunadza namondwe.

"Bwana Nduna," anatero Elifala atakangamira tsigiro, "tikapanda kupepuza chombo, lero tikaonana ndi makolo."

"Pepuzani," anayankha a Ndadyakale.

"Cholemera n'chiboliboli, bwana."

"Iwe, ukufuna kuponya Mfumu m'madzi? Bwereza ndimve!"

Elifala sanabwereze. Anaponya mpunga, anaponya nsalu, anaponya miphika, anataya ngakhale madzi akumwa. Chiboliboli chinatsala chili chiimire, chikuyang'ana kutsogolo molimba mtima. A Ndadyakale anakwera kabwato kamodzi kokha kamene kanalipo, nati akupita kukadziwitsa Mfumu kuti zonse zili bwino. Posakhalitsa Sichimira anachita chimene dzina lake linkakana.

Mwa chifundo cha Mulungu sanafe munthu, asodzi anavuula amalinyero ena onse. Koma Elifala anatengedwa ndi mafunde atakumbatira thabwa la mlombwa, akumwa madzi amchere ngati thobwa la paukwati. Anaganiza zolonjeza mbuzi, koma mbuzi analibe, ndipo anaona kuti nthawi imeneyo sinali yomunamiza Mulungu. Choncho anati, "Ambuye, mukandipondetsa pamtunda, thabwa ili ndi lanu." Atapondadi pamtunda analisenza mpaka ku tchalitchi cha udzu cha ku Dikirani. Kumeneko amayi a kwaya, amene kwa zaka zambiri ankakhalira njerwa, analisanjika pa njerwa zomwezo n'kukhalapo akulemekeza Wam'mwambamwamba.

Amalinyero atapita kukapempha malipiro, anauzidwa kuti apite ku bwalo la milandu. Woweruza anali a Chedwani, amene anali asanamalize mlandu wa ng'ombe ina imene zidzukulu zake zinali zitadyedwa kale. A Ndadyakale anaimirira atavala mkanjo wofiira.

"Nkhani ndi yaifupi," anatero. "Pitani mukawerenge pamwala. Chombo chikamira, malipiro amira nacho. Ndiye poti chombo chinamira..."

"Chinatani?" anafunsa wolengeza wa Mfumu, amene anali atakhala pakona ndi lipenga lake.

Thukuta linawatsika a Ndadyakale mpaka m'khosi.

"Sindinati chinamira. Ndinati chinatsika."

Pamenepo wolengeza anaimba lipenga n'kunena mawu a Mfumu: kuti Sichimira sanamire ndipo sangamire, koma akupitiriza ulendo woyendera madera a ufumu amene ali pansi pa nyanja, ndi kuti nsomba zalandira chiboliboli ndi chimwemwe chosaneneka.

A Chedwani anagwedeza mutu mwanzeru. "Ngati ulendo ukupitirira, malipiro sanapse. Amalinyero adikire chombo chifike, kapena abwerere ku ntchito zawo."

Wophika wa m'chombo, Dafuleni, munthu wamfupi wa pakamwa pakuthwa, anakweza dzanja. "Bwana woweruza, ine sindikukana kubwerera. Mungondiuza kuti moto ndikakoleza bwanji kumeneko."

"Khala pansi!"

"Ndikhala, bwana. Koma pamwala paja pali lamulo lina, kuseri kwa mbuzi."

A Chedwani anatsokomola, nati ngati pali thabwa alibweretse, bwalo lidzaliona pa nthawi yake. Amalinyero anatuluka akuthamanga, poti m'mphepete monse mwa nyanja munali matabwa a Sichimira mbwee. Atafika anapeza mchenga wokhawokha ndi mapazi a asilikali. Nduna inali italamula m'mawa womwewo kuti nkhuni zonse za kunyanja zipite kunyumba ya Mfumu, zikaphikire phwando lokondwerera kuti ulendo ukuyenda bwino.

Madzulo ake utsi wonunkhira nyama unafika mpaka pamsika. Mayi wina wogulitsa nsomba zouma anakweza mphuno n'kuuza mnzake, "Asisi, mukulimva fungolo? Ndi malipiro a amuna athu akupsa."

"Koma akununkhira bwino," anatero mnzakeyo. "Thukuta la amphawi limakometsa nyama."

Njala inalowa m'nyumba za amalinyero ngati mlendo wosadziwa kutsanzika. Kwa Elifala ana anayamba kugonera mango osapsa owiritsa, ndipo mkazi wake, Nangozo, anagulitsa chitenje chake chopitira ku tchalitchi. Aliyense ankadziwa kuti thabwa latsala limodzi, ndi kumene lili. Tsiku lina amalinyero anafika pakhomo pa Elifala, Dafuleni ali patsogolo.

"Achimwene," anatero Dafuleni, "sitikuti tilibe. Tingolibwereka. Titenge Lolemba, tibweze Loweruka. Mwiniwake amabwera Lamulungu, sadziwa kanthu."

"Ndiye masiku enawo ukuganiza kuti amakhala kuti?" anafunsa Elifala. "Komanso ndi chiyani chinalowapo m'bwalo la a Chedwani n'kutulukamo chisanafumbwe?"

Nangozo, amene ankamvera ali pakhonde, sanathe kupirira. "Abambo ake a Tiyanjane, Mulungu ali ndi nkhalango zonse za padziko lapansi. Thabwa limodzi lokha angalire nalo?"

"Sikuti akulisowa, mayi. Koma ndinalonjeza madzi ali m'khosi. Lonjezo la m'madzi lisinthe chifukwa ndaponda pouma? Mawa ndikadzamiranso, ndidzamuitana ndi pakamwa pati?"

"Mawa simudzamira, mudzakhala mutafa ndi njala. Ndipo anthu adzaimba bwino pamaliro anu, atakhala pa thabwa lomwelo."

Amalinyero anachoka akung'ung'udza. Elifala anapita kuseri kwa nyumba, nagwada pafupi ndi nkhokwe yopanda kanthu. Sanapemphere mawu ambiri. Anangoti, "Ambuye, thabwa ndi lanu, ananso ndi anu. Ine nzeru zandithera, muone nokha."

Nkhani ya pamsika siyenda ndi miyendo, imauluka. Pofika Lamulungu a Ndadyakale anali atamva kuti thabwa lina labisala m'tchalitchi. Ananyamuka ndi asilikali, pamodzi ndi a Pompo, mkulu wa chidindo cha Mfumu. A Pompo ankayenda ndi mbaula yamoto ndi chitsulo chokhala ndi nkhope ya Mfumu. Ntchito yawo inali imodzi: nduna ikangoloza chinthu n'kunena kuti n'cha Mfumu, iwo ankachidinda nthawi yomweyo, osafunsa. Ng'ombe zambiri za ku Tidzaona zinkayenda ndi nkhope ya Mfumu pathako. Ndipo panali lamulo lakuti wotentha, wothyola kapena wokwirira nkhope imeneyo aponyedwe kwa ng'ona.

Anafika mpingo uli pakati pa nyimbo, Elifala akukoka besi pa mawu akuti mafunde akakula Mbuye agwire tsigiro. Nyimbo inazima pang'onopang'ono ngati nyali yotha mafuta. Abusa Kamtedza anatsala atayasama, dzanja lili m'mwamba.

"Elifala Kadzakumanja!" inaitana Nduna. "Thabwa limene akhalira amayiwa linachokera kuti?"

Dafuleni, amene tsiku limenelo anabwera ku tchalitchi poyembekeza kuti mwina kuli mgonero, anakoka malaya a Elifala. "Unene kuti ndi chitseko cha bafa," ananong'ona. "Achimwene, chonde, bodza limodzi lokha. Mulungu akhululuka, ndi ntchito yake."

Elifala anayang'ana anzake, nkhope zawo zitagwa ndi njala. Anayang'ana Nangozo, amene anavala nsalu yobwereka. Akanama, thabwa likanatsala, ndipo chiyembekezo chikanatsala nalo. Koma lilime linakana kutembenuka m'nyumba imeneyo.

"Ndi la Sichimira, bwana," anatero. "Ndi limene linandinyamula."

Amalinyero anabuula onse pamodzi ngati ng'ombe za m'khola limodzi.

"Litengeni!" inalamula Nduna.

Koma pa thabwapo panali mayi Nasibeko, mtsogoleri wa kwaya, mayi wathupi amene mawondo ake anali atazunzika ndi njerwa kwa zaka zambiri. Sanasunthe.

"Mwana wanga," anatero, "wachedwa. Ili linaperekedwa kale. Ndi la Mulungu."

"Amayi, nyamukani."

"Ukafunse Mwiniwake. Akavomera ndinyamuka."

Mpingo unayamba kuseka chamumtima, ndipo a Ndadyakale, amene sanazolowere kusekedwa ndi anthu osavala nsapato, anafufuma ngati finye. Anatambasula dzanja, naloza, nakuwa mpaka mbalame zinabalalika padenga: "Imvani nonse! Thabwa ili si la Mulungu ayi! Ndi la Sichimira, ndipo ndi la Mfumu Sindilakwa!"

Asanatseke pakamwa, a Pompo anali atafika kale. Chitsulo chinati tswii pa nsonga ya thabwa, utsi n'kuti tolo, ndipo mayi Nasibeko anadumpha ngati mtsikana, akukupiza chitenje. Utsi utatha, nkhope ya Mfumu inaoneka pa mlombwa, ikumwetulira.

Asilikali analisenza. Elifala anawatsatira pambuyo, chipewa chili m'manja, ngati wotsatira bokosi la maliro. Anzake sanamuyankhule, kupatula Dafuleni amene anati, "Mwakhuta choonadi, achimwene? Mutigawireko, tikadyetse ana." Mtima wa Elifala unalemera kuposa chiboliboli: thabwa la Mulungu wataya, malipiro a anzake watayanso.

Njira yopita kunyumba ya Mfumu imadutsa pamsika. Mayi wa nsomba zouma uja ataona gululo anafunsa msilikali wa patsogolo, "Achimwene, thabwa lokongolali n'la yani?"

"La Mfumu! Simukuona nkhope?"

"Anena ndani?"

"A Nduna, m'tchalitchi, anthu onse akumva."

Mayiyo anaika nsomba pansi. Anayang'ana mnzake, mnzakeyo n'kuyang'ana wina. Kenaka anaika dzanja pakamwa n'kululutira nthungululu imene inamveka mpaka kudoko. Msika wonse unalandira. Amayi ena anathamangira kumwala wa malamulo, namasula mbuzi, n'kupukuta malembo ndi zitenje zawo. Ana anayamba kuimba akuomba m'manja: "Wanena pagulu, alipire! Wanena pagulu, alipire!"

A Ndadyakale anaima pakati pa msewu. Elifala anaona nkhope yawo ikusintha ngati ya munthu amene wameza fupa.

"Litentheni msanga!" anauza asilikali.

"Ife, bwana? Nkhope ya Mfumu?" Asilikali analiika pansi mwaulemu n'kubwerera m'mbuyo.

Kuyambira tsiku limenelo thabwa linasanduka mwana wamasiye. Nduna inalitumiza kwa a Chedwani ngati mphatso, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo a Chedwani anachita chinthu mofulumira: anatseka chitseko. Inalitumiza kwa Msungichuma, koma Msungichuma anamva mwadzidzidzi kuti azakhali ake akudwala kumapiri. Kulithyola kunali kosatheka, kulikwirira kosatheka. Pomaliza a Ndadyakale anakumbukira kuti lamulo silinatchule za madzi, ndipo analamula kuti likatayidwe m'nyanja.

Koma mlombwa wouma sumira. M'mawa mwake madzi atadzaza, thabwa linafika pa mchenga wa Dikirani, nkhope ili m'mwamba, ikumwetulirabe. Analitaya kutali kuposa poyamba, linabweranso. Analitaya kuseri kwa chilumba, linachedwako pang'ono, n'kubweranso. Anthu anayamba kumalidikira pagombe ngati wachibale wochokera ku ulendo, amayi a kwaya akuimba, ogulitsa zitumbuwa akuchita malonda. Elifala ankaima kumbuyo kwa gulu, milomo ikuyenda mwakachetechete. Dafuleni anamuyandikira akukanda m'mutu.

"Achimwene, zija ndinanena za bafa zija, musakazitchule m'mapemphero."

Nkhani inafika kwa Mfumu, ndipo inaitanitsa bwalo lalikulu. Thabwa analigoneka pa mkeka pakati pa nduna, zonse zitakhala patali nalo. Elifala anaitanidwa ngati wogwira tsigiro. Mfumu Sindilakwa inali munthu wamfupi kwambiri kuposa chiboliboli chake. Inayang'ana nkhope yake pa thabwa kwa nthawi yaitali, ndipo zinaoneka kuti yaikonda.

"Nduna zanga," inatero, "kodi chombo changa chinamira?"

"Ayi, Mfumu!" zinayankha zonse.

"Kodi nkhope yanga ingakhale pa chinthu chabodza?"

"Ayi, Mfumu!"

"Ndiye mukuvutika chiyani? Ichi ndi Sichimira. Chafika. Changoonda ndi ulendo."

Nduna zinaomba m'manja mpaka zikhatho zinatentha. Wina anati ndithu akuona mlongoti. Wina anati chikuoneka champhamvu kuposa kale.

"Ndipo poti chombo chafika," inapitiriza Mfumu, "ulendo watha, amalinyero anga alipidwe, monga ndinakonzera kuyambira pachiyambi. Ndinangofuna kuyesa kupirira kwawo. A Ndadyakale, inu amene munaliyendetsa bwino lomwe gawo lomaliza la ulendowu, ndakupatsani ulemu wolipira kuchokera m'nkhokwe ndi m'khola mwanu."

A Ndadyakale anathokoza chifukwa cha ulemuwo ndi mawu ang'ono kwambiri.

Kenaka panabuka funso lakuti chombocho chikocheze kuti. Nduna iliyonse inayang'ana kudenga. Elifala anagwada, naomba m'manja katatu.

"Mfumu, mukhale ndi moyo wautali. Ine ndine wantchito chabe. Koma pali doko lina lodekha, lopanda namondwe, kumene chombochi chinakochezapo kale. Ndi m'tchalitchi mwathu. Amayi a kumeneko amachisamala, ndipo sichinawamizepo."

Mfumu inati nayonso imaganiza zomwezo.

Choncho Elifala anasenza Sichimira paphewa, ng'oma zikulira patsogolo, asilikali akuchitira sawatcha, mpaka anakachisanjika pa njerwa zake zija. Mayi Nasibeko anayala kansalu pa nkhope ya Mfumu, nati n'kuiteteza ku fumbi, n'kukhala cha pafupi pomwepo. Sabata imeneyo ngolo za chimanga ndi mpunga zinatuluka kwa a Ndadyakale, ng'ombe zikutsatira, ndipo Nangozo anakaombola chitenje chake osanena kanthu kwa mwamuna wake, kupatula kuti anamuikira chiwindi cha nkhuku m'mbale mwake.

Lamulungu lotsatira tchalitchi chinadzaza mpaka pakhomo. Ngakhale Dafuleni analipo, akuimba mokweza mawu amene sankawadziwa. Nyimbo yomaliza isanathe, kunja kunalira lipenga. Wolengeza wa Mfumu anaima pazenera n'kunena kuti Mfumu Sindilakwa, itaona mavuto amene matabwa amabweretsa m'dziko, yalamula kuti kuyambira tsopano zombo zonse za ufumu zizisemedwa ndi mwala. Chombo choyamba chatsala pang'ono kutha, ndipo pakufunika wogwira tsigiro wodziwa ntchito, woopa Mulungu. Malipiro adzaperekedwa ulendo ukatha.

Mpingo wonse unatembenukira kwa Elifala. Iye, pozolowera kuti akaitanidwa amayankha, anayamba kudzuka. Nangozo anamugwira jekete n'kumukhazika pansi mwamphamvu.

"Abambo ake a Tiyanjane," anatero, "Mulungu anakupatsani thabwa kamodzi. Musamuyese kuti akuyandamitsireni mwala."